Mpira ungathe kuyenda mu Excel, ndipo ana ayenera kuona chimene chikuuyendetsa

Aphunzitsi ena a ku Katete andilembera kalata kufunsa ngati n'zotheka kupanga kamasewera ka mpira koyenda mu Excel, popeza makompyuta a pasukulu pawo ndi akale, alibe intaneti, ndipo mnzawo wina wawauza kuti kumeneko n'kutaya nthawi ya ana. Aphunzitsi, n'zotheka ndithu, koma mawu a mnzanuwo ndi amene andikhudza kwambiri.

Ine Excel ndinaiphunzira pantchito, pamene ndinkalemba matumba a chimanga ndi mtedza a gulu lina la alimi kuno ku Chipata, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkaiona ngati kaundula chabe. Amene anandisintha maganizo ndi mwana wa mlongo wanga, amene ankakhala kwathu ku Kapata ndipo ankadana ndi masamu moti akamva za x ndi y nkhope inkagwa. Tsiku lina madzulo ndinachepetsa timabokosi ta pa tsamba mpaka tinakhala tofanana mbali zonse, ndinapaka tsambalo mtundu wobiriwira, kenako ndinaika lamulo lakuti kabokosi kamodzi kokha kayere malinga ndi nambala imene ili pakona. Nditasintha nambalayo kuchoka pa 5 kufika pa 6, kadontho koyerako kanasuntha. Mnyamatayo anandilanda kiyibodi, nayamba kulemba 7, 8, 9, chala china chikutsatira kadonthoko pagalasi, ndipo pasanapite nthawi anafunsa yekha kuti: “Amalume, nanga kuti upite chopendekera ndichite bwanji?” Funso limenelo ndi masamu omwewo amene ankawathawa m'kalasi, koma tsopano anali kuwafuna yekha chifukwa mpira wake sunali kulowa pakona ya golo.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi kaphunzitsidwe kamene kamathera pa kuwonkhetsa malikisi ndi kupeza avereji. Zimenezo n'zofunika, ndipo VisiCalc, pulogalamu yoyamba ya mtundu umenewu imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979, inapangidwiradi kuwerengera ndalama. Komatu ngakhale amene anapanga Excel 97 anabisamo kamasewera koulutsa ndege. Mwana amene wangouzidwa kuti alembe SUM amaloweza n'kuiwala, pamene amene wayendetsa chinthu ndi fomula yake amazindikira kuti chithunzi choyenda ndi nambala imene ikusintha, monga mmene kanema amaonetsera zithunzi 24 pa sekondi imodzi diso n'kuona ngati anthu akuyenda. Ndinene mosabisa kuti kumana mwana chidziwitso chimenechi poopa kuti akusewera n'kumulakwira.

Ndikukulangizaninso kuti musayambe ndi osewera 22 ndiponso musakope masewera opangidwa kale ndi ena, chifukwa ana adzangosewera osaona za m'kati. Yambani ndi penate. Palibe mwana wa mu Zambia amene sanamvepo za 12 February 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate mu fainolo ya Africa Cup of Nations, Stoppila Sunzu n'kumenya yomaliza, Kennedy Mweene ali pagolo atamwetsanso yake. Penate ili ndi zinthu ziwiri zokha zoyenda, mpira ndi goloboyi, ndipo miyeso yake ndi yokomera ntchitoyi: golo ndi lotambalala mamita 7.32, pomenyera pali mamita 11 kuchokera pamzere wa golo. Kabokosi kalikonse kakaimira mita imodzi, bwalo lanu lakwana.

Kapangidwe kake

Tengani mizere yotsika kuyambira D mpaka J, imene ndi 7, ndipo mzere wopingasa woyamba ukhale wa golo, mpira uyambire pa G12. Mu A1 mukhale sitepe, kuyambira 0 mpaka 11. Mu A4 mwana alembe kumene akuloza, nambala ya pakati pa 4 ndi 10, popeza D ndi mzere wa 4 ndipo J ndi wa 10. Mu A2 lembani =12-A1, ndipo mu A3 lembani =ROUND(7+(A4-7)*A1/11,0). Kenako sankhani bwalo lonse, pitani pa Conditional Formatting, imene imapaka kabokosi mtundu malinga ndi lamulo, muike fomula =AND(ROW()=$A$2,COLUMN()=$A$3) ndi mtundu woyera. Zizindikiro za $ musazisiye, chifukwa popanda izo kabokosi kalikonse kadzayang'ana malo olakwika.

Goloboyi ndi amene amavutitsa ambiri. Mukalemba =RANDBETWEEN(4,10) mu A5, nambalayo imasintha nthawi iliyonse imene tsamba lawerengedwanso, motero goloboyi amadumphadumpha mpira uli m'njira. Ikani fomulayo mu kabokosi kena, ndipo penate isanamenyedwe kopani zotsatira zake mu A5 ndi Paste Values kuti zikhazikike. Chigamulo chikhale =IF(ABS(A4-A5)<=1,"Wagwira","Chigoli"), kutanthauza kuti goloboyi amafika mita imodzi kumanja ndi kumanzere kwake. Anawo adzakangana ngati mita imodzi yamukwanira, ndipo aloleni akangane, chifukwa pamenepo ayamba okha kuwerengera mwayi womwetsa chigoli.

Kuti mpira uyende popanda kulemba nambala pamanja, ikani Spin Button (batani lokweza ndi kutsitsa nambala) ya pa gawo la Developer yolumikizidwa ku A1, ndipo mwana akaikanikiza osachotsa chala mpira udzathamanga. Amene afika patali angatsegule VBA, njira yolembera timapulogalamu totchedwa macro, imene ili mu Excel kuyambira 1993, ndi Alt+F11, n'kulemba lamulo lobwereza la For lowerenga 0 mpaka 11 ndi lamulo la DoEvents m'kati mwake kuti chithunzi chizionekera pa sitepe iliyonse. Failo yotere iyenera kusungidwa ngati .xlsm, apo ayi macro idzatayika. Ngati makompyuta ena alibe Excel, LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo mafomula onsewa amagwira ntchito mmenemo, kotero mungaikope pa flash mukabwera ku Chipata n'kukaiika pa makina onse. Magetsi akathima, jambulani bwalo lomwelo pabolodi, mwana mmodzi azitchula sitepe, anzake aziwerengera A2 ndi A3 m'makope, wina azisuntha mpira ndi choko.