Kodi MACRA ikakamize Starlink kudzera mwa TNM ndi Airtel?

Achimwene, mwafunsa ngati MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, iyenera kulamula kuti Starlink, kampani ya intaneti ya pa setilaiti, izigulitsa intaneti kudzera mwa TNM ndi Airtel, poopa kuti makampaniwa angagwe. Ine ndikuti ayi.

Masetilaiti a Starlink amayenda m'mwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo mphamvu imene amatsitsa pa dera limodzi ili ndi malire. Ogwiritsa ntchito akathithikana malo amodzi, liwiro limatsika. N'chifukwa chake mu November 2024 Starlink inayamba yasiya kulembetsa makasitomala atsopano ku Nairobi. M'tauni ngati Blantyre, faiba ndi nsanja za foni ndizo zili ndi mphamvu, poti anthu akachuluka kampani imangoimika nsanja ina. Kumudzi zimatembenuka. Nsanja imafuna magetsi kapena jenereta, dizilo, mlonda ndi msewu wofikirapo, koma ogula ndi ochepa. Apo setilaiti ilibe mnzake. Musaiwalenso mtengo wa dishi: wogula bandulo ya tsiku limodzi pa foni sangaiganizire n'komwe, choncho makasitomala ambiri a TNM ndi Airtel sapita kulikonse.

Zimene mukunenazi Safaricom, kampani yaikulu ya mafoni ku Kenya, inazipempha mu July 2024, polembera Communications Authority (bungwe longa MACRA la kumeneko) kuti makampani a setilaiti azigwira ntchito pansi pa makampani a m'dzikomo. Mu September chaka chomwecho, Safaricom yomweyo inakweza liwiro la faiba ya m'nyumba osakweza mtengo. Mpikisano unawatsina, wopindula anali kasitomala. Ku South Africa nkhani yopatsa Starlink chiphaso inakakamira pa lamulo loti magawo 30 pa 100 alionse a kampani akhale a anthu amene ankasalidwa kale, ndipo Malawi ndi Zambia analumikizidwa mu 2023 iwo akadali kukangana.

Dandaulo la makampani athu limene lili lomveka ndi la katundu wosiyana. Iwo amamanga nsanja, amalemba anthu ntchito, amalipira msonkho, chiphaso ndi thumba la Universal Service Fund, lothandizira kufikitsa netiweki kumadera kumene kulibe. Apa mpamene MACRA iyenera kulimbikira: aliyense wogulitsa intaneti m'Malawi asenze zofanana, ndipo akhale ndi pokadandaulira kasitomala zikavuta.

China choti CFTC, bungwe loona za mpikisano pa malonda, ichiyang'anitsitse ndi mgwirizano umene Airtel Africa inasainirana ndi SpaceX, mwini wa Starlink, mu May 2025. Kulumikiza nsanja zakumidzi ndi setilaiti n'kwabwino, koma mgwirizano wotere ukadzatsekera TNM ndi makampani ang'onoang'ono mwayi womwewo, pamenepo ndiye boma lilowererepo.