Mwana wanga akufuna kuphunzira luso lotchula za mumtima mwa anthu: kodi ndimulole?

Mayi wina wa ku Thyolo watilembera ali ndi nkhawa pa za mwana wake wamwamuna wa zaka 16, yemwe ali Fomu 3. Mnyamatayu wakhala akuonera pa foni anthu akunja amene amaima pamaso pa khamu n'kumatchula dzina kapena nambala imene wina waisunga mumtima, ndipo wauza makolo ake kuti iyi ndiyo ntchito imene akufuna kudzagwira. Pa tchuthi chapitachi anatchula nambala imene azakhali ake anaiwerengetsera okha mobisa, moti azakhaliwo anataya pepala pansi n'kuyamba kupemphera. Mayiwa akufunsa ngati zimenezi si ufiti, komanso ngati munthu angapeze nazo chakudya.

Mayi, poyamba ndikukhazikeni mtima pansi: mwana wanu sanalowe m'gulu lililonse la usiku. Chimene wakopeka nacho ndi nthambi ya masalamusi a pa siteji imene pa Chingerezi amaitcha mentalism, ndipo zida zake ndi masamu, kukumbukira zinthu, kuchenjera kwa manja, kudziwa khalidwe la anthu ndi luso la zisudzo. Kuti musangomva za ine, tengani cholembera muyese nokha. Lembani nambala ya manambala atatu, loyamba ndi lomaliza akhale osiyana ndi 2 kapena kupitirira, mwachitsanzo 732. Itembenuzeni ikhale 237, ndipo chotsani yaing'ono pa yaikulu, mupeza 495. Tembenuzaninso 495 ikhale 594, kenaka muphatikize ziwirizo. Yankho ndi 1089, ndipo likhala lomwelo ngakhale mutayamba ndi 851 kapena 614. Sindingadabwe nditamva kuti imeneyi, kapena ina yofanana nayo, ndi imene inagwetsa pepala m'manja mwa azakhali ake.

Komabe masamuwo paokha si luso ayi, chifukwa amapezeka m'mabuku a ana asukulu. Luso lagona pa mmene munthu amabisira kuti pali masamu. Katswiri satchula 1089 pomwepo. Amapereka buku kwa munthu wina wa m'khamulo, n'kumuuza kuti atsegule tsamba 10, apite pa mzere wa 8, awerenge liwu la 9 mumtima, monga mmene nambala yapezekayo ikunenera. Kenaka amakhala chete, amayang'ana munthuyo m'maso, amatchula chilembo choyamba mokayikira, amalakwitsa dala chachiwiri n'kuchikonza, mpaka liwu lonse latuluka. Liwulo analiloweza kunyumba dzulo lake, koma oonerera aiwala kale za kuchotsera ndi kuphatikiza kuja, ndipo chimene adzasimbe mawa ndi chakuti mnyamata anatchula liwu la m'buku limene sanaligwire n'komwe. Kuyendetsa mphindi zisanu zimenezi bwinobwino kumafuna miyezi yoyeserera.

Pali njira zina zimene zilibe masamu ngakhale pang'ono. Imodzi yakale, imene J. Randall Brown ndi Washington Irving Bishop anatchuka nayo ku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, ndi yopeza chinthu chobisidwa pogwira dzanja la amene wachibisa. Tinene kuti wina wabisa kiyi pansi pa mpando wa m'chipinda wosewerayo ali panja. Akalowa amagwira mkono wa wobisa uja mopepuka, n'kumupempha kuti aziganizira kwambiri za malowo, ndipo amayamba kuyenda naye. Akalowera kolakwika, mkonowo umalimba pang'ono ngati ukukana. Akalunjika koyenera, umafewa n'kumatsatira. Wobisayo sadziwa kuti akutsogolera, ndipo angalumbire kuti sanachite kanthu. Katswiri wina wa za thupi la munthu, William Carpenter, anafotokoza kale mu 1852 kuti minofu imatha kusuntha pang'ono potsatira ganizo mwini wake osazindikira. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa siifuna chida chogula, imangofuna kudekha, ndipo wophunzira amalephera kambirimbiri asanayambe kumva chimene dzanja la mnzake likunena.

Tsopano ndifike pamene pali nkhawa yanga yeniyeni, yomwe ndi yosiyana ndi yanu. Mu 1948 mphunzitsi wa za maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 pepala aliyense, n'kuwauza kuti lalembedwa pofotokoza khalidwe la munthuyo payekha. Atawafunsa kuti likuwanena molondola bwanji, mayankho awo anafika pafupifupi 4.3 pa 5, chonsecho onsewo analandira mawu ofanana, amene mphunzitsiyo anawatola m'kabuku ka zolosera ndi nyenyezi. Munthu akauzidwa mawu okwana aliyense, monga akuti pali chinthu chimene chikumusowetsa tulo koma sanauze abale ake, amadzaza yekha zotsalazo n'kukhulupirira kuti waonedwa mpaka mkati. Mwana wanu akadzalidziwa bwino luso limeneli, tsiku lina munthu wosweka mtima adzamukokera pambali sewero litatha n'kumufunsa amene anamubera mbuzi, kapena amene analodza mwana wake, ndipo adzakhala atanyamula ndalama m'manja. Pamenepo ndi pamene msewu umagawikana, ndipo mnyamata ayenera kudziwa yankho lake tsikulo lisanafike.

Alipo amene anasankha njira yolakwika. Mu 1986 James Randi, amene nayenso anali wamasalamusi, anaonetsa poyera kuti mlaliki wa ku America Peter Popoff, yemwe ankatchula mayina, matenda ndi kumene anthu amakhala ngati wauziridwa, ankauzidwa zonsezo ndi mkazi wake kudzera pa kachipangizo ka wailesi kobisika m'khutu, mkaziyo akuwerenga zimene anthu analemba okha polowa. Njira zake zinali za pa siteji, koma anazigwiritsa ntchito pa odwala amene anadza ndi chikhulupiriro chenicheni. Kusiyana kwa wosangalatsa anthu ndi wakuba sikuli m'manja, kuli pa zimene munthu amauza omuonerera.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa ku London. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komanso limaletsa munthu kudzionetsa ngati ali ndi mphamvu za ufiti. Ndipo inu a ku Thyolo simufunika kukumbutsidwa za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu okwiya. Mnyamata amene akudziwika pamudzi kuti amaona za mumtima akhoza kukhala woyamba kulozedwa chala mwana wa mnansi akadwala mwadzidzidzi. Pa chifukwa chimenechi, lamulo loyamba limene ndikupempha kuti mumuikire ndi lakuti asayambe sewero lililonse asananene momveka kuti zonse zimene achite ndi luso lophunzira, kuti alibe mphamvu yapadera, ndiponso kuti salosera, sachiritsa ndipo sagwira mbava. Asachite seweroli pamsika, pamaliro kapena kwa anthu amene sanamupemphe, ndipo asakhudze za akufa, matenda kapena maukwati a anthu.

Pa za kaphunziridwe, mavidiyo a pa foni amaulula chinsinsi koma saphunzitsa kuima pamaso pa anthu, ndipo amapanga ana odziwa zinsinsi makumi asanu koma osatha kusangalatsa anthu asanu. Amene amagwira ntchitoyi amayambira pa mabuku, makamaka 13 Steps to Mentalism la Tony Corinda wa ku England, limene linayamba kutuluka m'timabuku ting'onoting'ono kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndi Practical Mental Effects lokhala ndi ntchito za Theodore Annemann wa ku America, la 1944. Onsewa ali m'Chingerezi cholimba ndithu, choncho phunziro la Chingerezi silothawa. Asankhe zinthu zitatu zokha, alembe m'kope mawu onse amene adzalankhule, ayeserere payekha mpaka manja asiye kunjenjemera, kenaka aonetse anthu osiyanasiyana n'kumalemba pamene anamugwira. Zida zake ndi zotsika mtengo: timapepala, pensulo, maenvulopu ndi buku lililonse la m'nyumba. Chimene ndingaike patsogolo pa zonsezi n'chakuti alowe kalabu ya zisudzo kapena ya mtsutso kusukulu kwawo, ndipo ngati sukuluyo imapita ku mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'Malawi, alimbikire kupeza malo, chifukwa kumeneko adzaphunzira kukweza mawu, kudikira kuti anthu amalize kuseka, ndi kupitiriza zinthu zikasokonekera.

Funso lanu lachiwiri ndiliyankha mosapsatira: musalole kuti asiye kapena kunyozera sukulu chifukwa cha lusoli. Ngakhale m'mayiko amene muli mabwalo ambiri a zisudzo, ochuluka amachita zimenezi ngati ntchito yapambali. Derren Brown wa ku Britain, amene mwina mwana wanu wamuonapo, anaphunzira zamalamulo ndi Chijeremani ku yunivesite ya Bristol, ndipo anatha zaka akusewera m'malo odyera asanaonekere pa kanema wa Channel 4 mu 2000. Sukulu yodziwika ya masalamusi m'chigawo chino cha Africa ndi College of Magic ya ku Cape Town, imene David Gore anaiyambitsa mu 1980, ndipo ophunzira ake ambiri ndi ana amene amapitako kumapeto kwa sabata akupitiriza sukulu zawo za masiku onse. Kuno kwathu mwayi umene ndikuuona uli pa maphwando a makampani, masiku apadera a m'sukulu, ndi kutsogolera mwambo pa zinkhoswe ndi maukwati, kumene wotsogolera mwambo wokhala ndi kanthu kena kodabwitsa amakumbukika ndipo amaitanidwanso. Akadzafika pochititsa masewero olipiritsa pakhomo, adzayenera kufunsa za chilolezo pansi pa lamulo la 1968 loyang'anira zisudzo ndi zosangalatsa.

Choncho alimbikire MSCE, makamaka masamu ndi Chingerezi. Akakhoza bwino, ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zisudzo komanso a za maganizo ndi khalidwe la anthu, ndipo onsewa amadyetsa lusoli mwachindunji kwinaku akutsegula makomo a ntchito zina. Ndaona ana amanyazi akusanduka olankhula molimba mtima chifukwa cha zinthu ngati zimenezi, ndipo njira zokumbukirira mayina ndi manambala zimene adzaphunzire zidzamuthandiza ngakhale pokonzekera mayeso.

Pa tchuthi chikubwerachi, mukonzereni madzulo amodzi pakhonde panu, muitane achibale ochepa pamodzi ndi azakhali ake aja. Mumuuze kuti ali ndi mphindi khumi, ayambe ndi mawu aja ofotokoza kuti ndi luso chabe, ndipo akamaliza akhale pansi ndi azakhali ake, pepala ndi pensulo zili pakati pawo, awaonetse mmene 1089 imatulukira kufikira iwonso ataichita okha kwa bambo ake.