Katundu wa kuntchito: kumsana kapena pa kaliyala?

Mwandilembera kuti mwayamba kupalasa njinga popita kuntchito, ulendo wa mphindi ngati 40, mutabereka chikwama cha laputopu, nsapato ndi zovala zosinthira. Mumafika malaya atanyowa kumsana, mapewa akuwawa, ndiye mukufunsa ngati zikwama zokoleka m'mbali mwa kaliyala zingathandize kapena n'kungotaya ndalama.

Gulani ndithu. Ulendo wotalika chonchi, katundu azinyamula ndi njinga.

Thukutalo silingathe chifukwa chosintha mtundu wa chikwama chobereka. Chilichonse chogunda kumsana chimatsekereza mphepo, ndipo zija amazitama kuti zili ndi timipata ta mpweya zimangochepetsako pang'ono. Komanso popalasa mumawerama, choncho kulemera konse kumathera m'mapewa, m'khosi ndi m'manja. Msana ukakhala wopanda kanthu, ngakhale kucheuka kuti muone galimoto yakumbuyo kumaphweka.

Koma musanatulutse ndalama, iunikeni kaye njinga yanu. Felemu ikhale ndi timabowo ta mabawuti pafupi ndi pakati pa tayala lakumbuyo, pomangirira kaliyala. Makaliyala ambiri amawalemba malire a makilogalamu 25, omwe kwa inu ndi ambiri zedi. Chimene ogula amaiwala kawirikawiri ndi chidendene. Ngati njinga ndi yaifupi kumbuyo, kapena phazi lanu ndi lalikulu, nthawi iliyonse pedulo ikazungulira chidendene chizigunda chikwama, khwa, khwa, mpaka mudane nacho. Sankhani chokhala ndi zokolekera zosunthika kuti muchikankhire kumbuyo, ndipo mukachiyese pa njinga yanuyo mutavala nsapato zomwe mumapalasira.

Za laputopu ndiye samalani. Ikakhala kumsana, miyendo ndi thupi lanu zimaichinjiriza ku mabampu. Pa kaliyala bampu iliyonse imaifika mwachindunji. Muiike m'kathumba ka siponji, muiimiritse, ndipo zovala zija zikhale pansi pake. Kunena za mvula, zikwama zotseka mopinda kukamwa, monga za kampani ya Ortlieb ya ku Germany, sizilowa madzi. Ziwiri za mtundu wa Back-Roller zimakwana malita 40 pamodzi, koma inu chimodzi chikukwanirani. Njinga imapendekera mbali yolemerayo mukamaikankha kapena kuiimika, koma mukangoyamba kupalasa mumaiwalako.

Chobereka chimapambana munthu akatsika panjinga. Chokoleka chimavuta kuyenda nacho: zokolekera zimabaya mwendo, ndipo mbali yoyang'ana kutayala imakhala ndi matope odetsa zovala. Amene ulendo wake ndi waufupi, kapena amakwera masitepe ambiri ndi kulowa m'masitolo panjira, ndingamuuze kuti asavutike n'kusintha.

Ngati kaliyala muli nayo kale, yesani izi sabata ikubwerayi: mangirirani chikwama chanu chomwecho pamwamba pake ndi malegeni. Malamba ake muwapindire mkati bwinobwino, chifukwa limodzi likalendewera n'kulowa m'masipoko, tayala limaima mwadzidzidzi.