Yankho kwa amalume za galu wa mendulo

Eee amalume mwaswera bwanji, voisi yanu ija ndaimva ndili mu minibasi ya ku Ndirande ndiye phokoso, ndinati ndiyankhe ndikafika. Mumafunsa ngati galu munamuona pa Facebook akulandira mendulo uja ndi zoona kapena zongopanga. Ndi zoona ndithu, dzina lake ndi Patron, wa ku Ukraine, mendulo imeneyo anamupatsa ndi pulezidenti Zelensky mu 2022. Komatu ndi kagalu kakang'onong'ono, osati zigalu za m'mageti a ku Namiwawa zija ayi, chifukwa ntchito yake siyoluma anthu, ndi mphuno basi, kununkhiza mabomba okwirira.

Mmene amachitira agalu a ntchito imeneyi, galuyo amayenda patsogolo mphuno ili pansi, akamva fungo la onga sakumba sauwa, amangokhala pansi phee kuyang'ana pomwepo, msilikali nkuika chizindikiro kenako nkumuponyera kampira kake. Iyeyo za nkhondo sazidziwa nkomwe, kwa iye ndi masewera, akufuna kampirako basi. Ngakhale kwa aneba athu ku Mozambique kuchotsa mabomba a nkhondo yawo ija agalu anathandiza, limodzi ndi makoswe akuluakulu aja, bwampini, mpaka mu 2015 analengeza kuti amaliza.

Ndiye sizayamba lero izi, pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse aku America anali ndi galu wotchedwa Stubby, ankachenjeza asilikali utsi wapoizoni ukamabwera. Ngakhale asilikali amene anakapha Osama bin Laden ku Pakistan mu 2011 anakwera naye galu mu helikopita, dzina lake Cairo.

Koma zina nzankhanza amalume, nkhani zake zimandinyansa ine. Pa nkhondo yachiwiri a Soviet Union ankawamangirira bomba kumsana agaluwo, atawaphunzitsa kuti chakudya chimapezeka pansi pa akasinja, kuti akaphulike nawo akasinja a Germany, ndiye ena ndi mantha a mfuti ankathawira komwe achokera bomba lili kumsana, tangoganizani. Ku Vietnam nako aku America anapita ndi agalu pafupifupi 4,000, pobwerera ambiri anangowasiya komweko ngati katundu wotha ntchito, amene anachokako ndi 200 okha kapena chapompo.

Koma Tiger wanuyo musamuvutitse kuti aphunzire zimenezi, iyeyo amanunkhiza mpoto wa ndiwo basi. Apatseni moni azakhali.