Magetsi a Ngolo Akuphethira Onse Pamodzi

Funso: Ndimanyamula nanazi pa ngolo yokoka ndi galimoto kuchokera ku Mulanje kupita ku Limbe. Ndikayatsa indiketa, magetsi onse a ngoloyo amaphethira mofooka, chonsecho mababu ndi atsopano. Vuto lili pati? Ndine bambo wa ku Chitakale.

Yankho: Bambo, kawirikawiri zimenezi zimachitika waya wa earth, womwe ndi njira yobwerera ya mphamvu ya magetsi, akapanda kugwira bwino chitsulo, chifukwa mphamvu ya magetsi ikasowa njira yobwerera imadutsa m'mababu ena n'kuwayatsa. Pa pulagi ya mano 7 yolumikiza magetsi a ngolo ku galimoto, wayayu amakhala woyera, pa dzino lachitatu. Masulani bawuti yomwe yamumangirira ku ngolo, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mumange mwamphamvu, kenako muyang'ane m'soketi, momwe chinyontho cha kwanuko chimasiya zobiriwira pa mkuwa.

Fyuzi ikapsa, ikani yofanana mphamvu. Kulumikiza ndi kawaya, monga ena amachitira, kungathe kuotcha mawaya.

Chonde musanyamuke wina asanaime kumbuyo kuona mabuleki ndi maindiketa, pakuti m'makhotolo a ku Thyolo, chiperoni chikatsika, wobwera m'mbuyo amaona ngolo yopanda magetsi atayandikira kale kwambiri.