Madisiki mwaika, nanga handibuleki mwaisiyira ndani?

Imelo yanu, achimwene, yandikhudza pachilonda. Mwati pa Nissan 1400 yanu mwachotsa madiramu akumbuyo n'kuikapo madisiki ndi makalipa a Golf (zitsulo zopanira mapadi pa disiki), ndiye handibuleki mukumaikoka mpaka kumapeto koma galimoto osagwira. Mukufunsa ngati mungodula kebulo kuti ifupike.

Musadule kaye.

Ine ndinakulira ku Chilomoni, kumene malo athyathyathya oimikapo galimoto ndi osowa. Malume anali ndi Datsun 120Y yopanda handibuleki, ndipo handibuleki yake ndinali ine. Pansi pa mpando pankakhala mwala. Tikafika kuchigayo kapena kutchalitchi, iwo ankaponda buleki n'kukuwa kuti "tsika iwe!", ine n'kudumpha, kupsinja mwala kutayala. Ponyamuka ndinkauchotsa n'kuthamangira chitseko galimoto itayamba kale kuyenda, anthu akuonerera. Ndiye nditagula 1400 yangayanga, yochokera ku Joni, chinthu choyamba chinali kugona pansi pake. Mwini wakale anali ataika kale madisiki. Kuyang'ana chapatali zinali zokongola, koma kebulo yakale ya diramu anailumikiza ku kalipa ndi waya wopota, ndipo chikopa chake chakunja chinkangolendewera osatsamira paliponse. Makaniko amene ndinamuonetsa anangoseka: "Muzingoisiya m'giya, bwana." Mawu amenewa amandinyansa mpaka lero.

Ndipo ndinene mosabisa: madisiki akumbuyo pa kapikapu ngati aka ambiri timawaikira maso a anthu. Galimoto ikamaima, kulemera kumathamangira kutsogolo ndipo mabuleki akutsogolo ndi amene amagwira ntchito yaikulu. Kumbuyo kwa 1400 yopanda katundu n'kopepuka moti mukawonjezera mphamvu matayala amangokwakwaza, mvula ikagwa galimoto n'kutembenuka. A Nissan anaipanga ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008 ili ndi madiramu kumbuyo, sikuti madisiki sankawadziwa. A Peugeot anatulutsa 504 mu 1968 ili ndi madisiki matayala onse anayi, koma pikapu yake anaisiyira madiramu. Pa nkhani yoimika galimoto pamtunda diramu ilibe mnzake, chifukwa nsapato ya buleki ya mkati mwake imadzikanikiza yokha diramu ikafuna kuzungulira. Disiki ilibe khalidwe limeneli. Komanso mukatsika phiri la Zomba disiki itatentha, n'kukoka handibuleki pa msika, ikamazizira imaphwa pang'ono ndipo mapadi amalekerera. Kusiya m'giya n'kwabwino ndithu, koma ngati chowonjezera, osati cholowa m'malo.

Enanso amandilembera za handibuleki yoyendera mafuta a buleki, ija amakonda anyamata ozungulitsa ma BMW ku Soweto. Imeneyo ndi yosewerera. Mafuta akayamba kudontha usiku, m'mawa mukaipeza galimoto kumpanda kwa aneba. Abale athu a ku Britain akudziwa kuti pa MOT, pomwe amayesa galimoto chaka ndi chaka, amafuna handibuleki yogwira popanda kudalira mafuta, ndipo ifenso pokatenga COF amayesa handibuleki.

Nanga kebulo ija

Chofunika si kutalika kwa kebulo yonse, koma kachigawo ka waya wamkati kamene kamatuluka kunja kwa chikopa. Kebulo imakoka pokhapokha chikopacho chitatsamira pa chitsulo cholimba mbali zonse ziwiri. Kalipa ya Golf ili ndi khutu lakelake lolowetsamo chikopa, ndipo kankono kake kamalandira mutu wa kebulo ya Golf. Choncho njira yosavuta ndi kugwiritsa ntchito makebulo a Golf kumbali ya makalipa, n'kuwakumanitsa ndi dongosolo la Nissan pakati, pa kachitsulo kogawa mphamvu mofanana kumanja ndi kumanzere. Pamenepo owotcherera akupangireni bulaketi yochindikala yogwira zikopa zonse ziwiri. Ikamapindika pokoka, mphamvu yanu ikuthera pomwepo. Mutu wa kebulo ukafunika kusintha, upanidwe ndi makina kwa opanga makebulo. Osawotcherera waya, kutentha kumaufooketsa ndipo umadukira pomwepo.

Koma musanagule kanthu, masulani kebulo yonse. Pisitoni ya kalipa ya Golf imabwerera mochita kupota, ndipo mkati mwake muli sikuluwu yodzisinthira yokha. Popani buleki ya phazi kangapo mapadi afike pa disiki, muyendetsenso kankono kaja ndi dzanja, kenako mumange kebulo. Mukamasula handibuleki, kankono kazibwerera mpaka pa potsamira pake. Mukakakoka ndi nati kuti kakhale panjira, sikuluwu ija imasiya kugwira bwino ntchito ndipo mapadi amangokhula disiki. Ndikukayikira kuti vuto lanu lili pamenepa. Ngati zonsezi zili bwino koma kankono sikakufika patali, ndodo ya Nissan ikukoka waya wochepa kuposa umene kalipa ikufuna, ndiye posinthapo ndi pomwe kebulo imakolekedwa pa ndodoyo: kuitalikitsa pang'ono ndi pozungulira kumakoka waya wambiri, kungoti dzanja limalemerako.

Mukatha, nyamulani galimoto pajeke, muike zochirikiza, ekiselo ilendewere, muone ngati kebulo sikukokeka yokha kapena kukhudza ekizozi. Muikenso matumba a chimanga kumbuyo muone ngati sikupanidwa ndi masipuling'i. Poyesa pamtunda khalani pampando, phazi lili pafupi ndi buleki, ndipo muyese galimoto itayang'ana kumtunda, kenako kumunsi.