Kodi khonsolo ingamange yokha njanji ya sitima zam'tauni?

Mwafunsa ngati khonsolo ingamange njanjiyi ndi bajeti yake, kenako n'kubweza ndalamazo pogulitsa matikiti. Kawirikawiri sizitheka, akulu.

Bajeti ya khonsolo ili pawiri: ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, monga malipiro ndi kuchotsa zinyalala, ndi ndalama zachitukuko. Njanji imagwera m'gawo lachiwirili, ndipo ikhoza kumeza misonkho ya malo ya zaka zambiri. N'chifukwa chake boma lalikulu ndi obwereketsa ndalama amalowererapo. Njanji ya ku Addis Ababa, yomwe inatsegulidwa mu 2015, inadya madola pafupifupi 475 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku China.

Mtengo womangira nawonso sukhala pamodzi. Ku Edinburgh, mzinda wa ku Scotland, sitima zinayamba kuyenda mu 2014, mochedwa ndi zaka, pa njanji yaifupi kuposa imene analonjeza, zitadya mapaundi 776 miliyoni.

Koma chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi cha pambuyo, mwambo wotsegulira utatha. Magetsi, oyendetsa, amakaniko, sipeya zochokera kunja, zonsezi zimafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo matikiti sakwanira. Mukakweza mtengo, anthu abwerera kumabasi. Ku Addis komweko sitima zambiri zinaima chifukwa chosowa sipeya.

Ndiye pulani ikabwera kumsonkhano, musathamangire mapu okongolawo. Funsani kuti okwera anawawerenga bwanji, ngongole adzabweza ndani, komanso zoperewera za chaka chilichonse zidzachotsedwa pa ntchito iti. Afotokozenso chifukwa chimene akanira msewu wa mabasi okhaokha, womwe nthawi zambiri umatsika mtengo.